Uvuni Womaliza wa a Gama

Chinali chaka cha 2019, ine ndili ndi zaka 67. Anzanga a msinkhu wanga anali atakhala kale pansi, akuweta nkhuku kumudzi. Ine ndinali ndikuphunzira ntchito yatsopano ngati mwana wa sitandade wani, ndipo mphunzitsi wanga anali mtsikana wamng'ono kwa amayi anu.

Ana inu, ikani mafoniwo pansi. Chisomo, ndikunena iwe. Nkhaniyi ndiinena kamodzi, sindibwereza.

Inu mwandidziwa ndili wa njerwa za makina. Mukabwera kuntchito kwanga simupeza utsi, ndiye mumayesa kuti zinali choncho kuyambira kale. Ayi. Zaka zoposa makumi anayi ndinali wootcha njerwa. Ndinalowa mu Lilongwe muno ndili mnyamata, nthawi imene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba. Ndinayenda pansi kuchokera ku Mitundu, nditanyamula bulangete, khasu ndi mbatata zophika zokulunga m'masamba a nthochi. Inu kuchoka pano kupita ku Old Town mumafuna kabaza. Kumene mukuti City Centre kunali tchire, nkhwali zikuthamanga m'udzu. Ku Area 47 anthu ankalima chimanga. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi, ndipo sindichita nazo manyazi. Chipupa chimene ndinamanga ine sichinagwepo.

Tinali gulu la amuna khumi ndi awiri, ena oumba njerwa, ena omanga, ine mtsogoleri. Wina akadwala, gawo lake ankalandirabe. Wina akaferedwa, ntchito inkaima, tonse tinkapita. M'kupita kwa zaka ena anakalamba, ena anamwalira, ana awo n'kulowa m'malo mwawo, koma gulu linkakhalabe gulu.

Zida zathu zinali khasu, ndowa, chikombole chathabwa ndi mapazi. Inde, mapazi. Dothi tinkaliponda mpaka lifewe ngati phala, m'mawa wa mwezi wa Juni, madzi akuluma. Yamikani, iwe ndi nsapato zako zoyera zija sukanatha tsiku. Zidendene zikang'ambika tinkapakamo girizi wa njinga n'kubwerera m'dzenje. Njerwa ikatuluka m'chikombole tinkaiyanika padzuwa, ndipo mdani wake anali madzi. Mtambo ukangoda, aliyense ankathamanga ndi udzu kukaphimba. Dzuwa ndi moto zinali za kwathu, madzi anali mdani. Tinakula choncho.

Moto unali wa a Gama. Dzina lawo linali Simeoni, kwawo ku Nathenje, koma tonse tinkangoti a Gama. Tinakumana m'dambo la Lingadzi tili anyamata, ndipo sitinasiyanenso. Anali munthu wamfupi, wa nsidze zopserera, wosayankhulayankhula. Kusanja uvuni aliyense angaphunzire: njerwa zosapsa m'mizere, makomo a nkhuni pansi, kunja kumata ndi matope. Koma kuotcha ndi nkhani ina. A Gama ankayang'ana utsi n'kudziwa kuti chinyezi chatha m'njerwa. Ankaika chikhatho pamatope n'kunena kuti khomo lakum'mawa likufuna nkhuni, lakumadzulo litsekedwe. Uvuni wa anthu ena unkatulutsa zina zosapsa, zina zakuda ngati makala. Wa a Gama unkapsa wonse, njerwa zofiira psu.

Wogula akabwera ankatenga njerwa ziwiri n'kuziwombanitsa. Yakupsa bwino imalira ngati chitsulo. Yosapsa imangoti phu. A Gama ankaima chapatali, manja kumbuyo, akumvetsera. Satifiketi yawo inali imeneyo.

Masiku a moto ndiwo anali okoma. Pamakomo a uvuni tinkakwirira mbatata m'phulusa, tinkaotcha chimanga, nthawi zina ziwala. Panali mtsikana wina wa ku Kawale amene ankabwera kudzagulitsa thobwa m'chigubu. Thobwa lake linali lotsekemera, koma pakamwa pake panali powawa. Ndi agogo anu aakazi amenewo. Musaseke, akumva.

Nkhuni poyamba zinali pafupi, tinkangodula m'mbali mwa dambo. Kenako zinayamba kubwera pa ngolo za ng'ombe, ulendo wa tsiku lathunthu. Kenako pa malole ochokera ku Dzalanyama. Mitondo, misuku, miwanga, zonse zinalowa m'makomo a uvuni. Nyumba zokongola zimene mukuziona ku Area 3, ku Area 9, ku Area 47, m'zipupa mwake muli nkhalango. Ife tinaotcha, eni ake anagula, ndipo palibe anafunsa. M'madambo tinasiyamo maenje odzaza madzi ndi udzudzu. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikunena kuti mudziwe kuti boma litaletsa njerwa zootcha pa ntchito zikuluzikulu, ine sindinadabwe. Ndinali nditaona kale phiri lili mbee.

Kusadabwa si chakudya. Makontirakitala amene ankatiitana anasiya kutiitana. Ntchito zazing'ono za m'makwalala zinali ndi eni ake, anyamata otsika mtengo. Chaka chathunthu tinakhala chopanda ntchito yooneka. Tsiku lina ndikudutsa pamlatho wa ku Old Town ndinaona anthu anga atatu ataima pagulu la odikira ganyu, mafosholo ali m'manja, akuthamangira galimoto iliyonse imene yaima. Amisiri. Atandiona anayang'ana kumbali. Tsiku lomwelo ndinaitanitsa onse kuseri kwa msika, pamthunzi wa sitolo ya mmwenye wina amene tinkagulako misomali, ndipo ndinawauza kuti gulu ili silifa ine ndili moyo. Pamenepo ndinalibe nzeru iliyonse. Ndinangonena.

Nzeru inabwera ndi Tadala, injiniya wa bungwe lina limene linkaphunzitsa amisiri kumanga popanda kuotcha njerwa. Anali wochepa thupi, wovala majombo ndi chipewa cholimba, woyankhula mwachangu, Chichewa chosakaniza ndi Chizungu ngati inu. Anamva za ife kwa mmwenye uja. Anabwera ndi makina achitsulo, okhala ndi bokosi ndi mkono wautali wokoka. Mumasefa dothi, mumasakaniza ndi simenti wochepa ndi madzi pang'ono, mumathira m'bokosi, anthu awiri amakoka mkonowo, njerwa imatuluka yosalala, ngodya zake zakuthwa. Kenako mumazisanja pamthunzi, mumaziphimba ndi pepala lapulasitiki lakuda, ndipo m'mawa ndi madzulo mumazithirira madzi. Milungu ingapo, zalimba.

Pangano linali lomveka. Bungwe litibwereka makina. Timange nyumba imodzi ku Area 47, ya mayi Nkhoma, namwino wopuma pantchito, wamasiye. Tikaimanga bwino, makina akhala athu ndipo bungwe lizititumizira ntchito zina. Tikalephera, makina apita ku gulu lina. Popanda makinawo gulu lathu linali litatha. Tonse tinkadziwa.

Tsiku loyamba Tadala atamaliza kufotokoza, a Gama anatenga njerwa imodzi, anaitembenuza, anainunkhiza.

"Mayi injiniya," anatero, "njerwa yosalawa moto ndi chidina. Kwathu timamangira khola la mbuzi."

"Bambo Gama, iyi si chidina. Muli simenti. Simenti amalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Ndipo moto ndiye woipiratu. Mukaiika pamoto, simentiyo amafa."

"Moto upha njerwa?"

"Iyi, inde."

A Gama anandiyang'ana n'kuseka chamumtima. Lukasi, mmisiri wathu wa pakamwa, sanathe kupirira.

"Tizithiranso feteleza, mayi? Mwina zibereka."

"Yesani, bambo Lukasi," anatero Tadala. "Zikabereka tigawana."

Tinayamba. Dothi tinakumba papuloti pomwepo, pamene pankayenera kukhala dzenje la chimbudzi ndi maziko. Palibe lole ya nkhuni, palibe dambo lokumba. Manja anazolowera msanga. Mitima ndiye inachedwa. Kuona munthu wamkulu akuthira madzi pa njerwa kunali ngati kuona munthu akuthira mchenga mu ufa. Ine ndinkathira chifukwa mtsikanayo ankadziwa ntchito yake, ndipo ine munthu wodziwa ntchito ndimamuzindikira, kaya ali ndi zaka zingati. A Gama kheni yothirira sankaigwira. Ankasefa dothi, ankakoka mkono wa makina, koma nthawi yothirira ikakwana ankapita kukasuta fodya kuseri kwa shedi.

"A Mbewe," anandiuza tsiku lina, "mwatisandutsa alimi a mpiru."

"Mpiruwo ukudyetsani. Uvuni wakudyetsani chiyani chaka chathachi?"

Tsopano mvetsani ichi, ana inu. Enafe makina anatisinthira ntchito. Woumba anakhalabe woumba, womanga anakhalabe womanga. A Gama makina anawalanda ntchito yonse. Zimene ankadziwa, zimene palibe wina mu Lilongwe muno ankazidziwa ngati iwo, zinasanduka zopanda pake tsiku limodzi. Munthu amene makontirakitala ankamutumizira galimoto anakhala wosefa dothi.

Njerwa za nyumba yonse zitatsala pang'ono kukwana, uthenga unabwera woti achimwene anga amwalira ku Mitundu. Ine ndiye wamkulu wotsala, ndiye sikunali kongoika maliro n'kubwerera. Panali nkhani za munda, za ana, za mayi wamasiye. Ndinasiya ntchito m'manja mwa a Gama, monga ndinkachitira zaka zonse. Mayi Nkhoma anali ku Blantyre, mwana wawo atachira kumene. Tadala anali atatumidwa kuboma lina.

Zimene zinachitika ine kulibe anandiuza ndi Lukasi. Papuloti panabwera mlamu wa mayi Nkhoma, bambo wa galimoto yaikulu wa ku Area 9, akuti kudzaona mmene ntchito ya alamu ake ikuyendera. Anakweza pepala lapulasitiki, anatenga njerwa ziwiri, anaziwombanitsa. Njerwa za makina sizilira, makamaka zikadali zonyowa. Zinangoti phu.

"Wamkulu pano ndani?" anafunsa.

A Gama anaimirira.

"Madala, mukumanga nyumba ya zidina mu Area 47? Mwaona mayi wamasiye ndiye mwati mumudyere? Kumudzi kwanu kulibe amene anakuphunzitsani kuotcha njerwa?"

Anataya njerwazo pansi, anapukuta manja ndi kampango, analowa m'galimoto. Anyamata onse anamva. Lukasi akuti a Gama anaima pamalo omwewo nthawi yaitali. M'mawa mwake anabwera wapansi, njinga yawo palibe. Masana kunafika lole ya bulugamu.

Anyamata ena anayesa kuwakumbutsa mawu a Tadala. A Gama anawafunsa kuti mwa iwo ndani anaonapo njerwa itaipa chifukwa cha moto wawo. Panalibe. Ndipo kunena zoona, mawu a bambo uja anawawa onse. Anachotsa mapepala, anayanika njerwa padzuwa la Okutobala, kenako anasanja uvuni.

Pobwerera ku maliro, nditatsika minibasi pamsewu waukulu ndinaona utsi kuseri kwa mipanda ya anthu. Utsi wa zinyalala ndimaudziwa, utsi wa uvuni ndimaudziwanso. Ndinayenda mofulumira monga mmene mawondo analolera. Pakati pa puloti panaima uvuni. Ndaona mauvuni ambiri pamoyo wanga, koma wokongola ngati umenewo sindinauonepo. Ngodya zake zowongoka, matope osalala ngati opaka ndi mpeni womangira, makomo onse akuyaka mofanana. A Gama anali pakhomo lapakati, malaya atavula, nkhope ikuwala. Anaoneka ngati abwerera zaka makumi awiri m'mbuyo.

"Mwabwerako, a Mbewe? Mwaika bwino?"

"Taika. Ichi n'chiyani?"

"Uvuni. Mwaiwala kale?"

"Muli chiyani?"

"Njerwa zathu. Munthu uja anati ndi zidina, pamaso pa ana. Dzina lanu, dzina langa, zaka zonsezi. Ndati ndizilimbitse. Simenti wawo akhalemo, moto wanga uwonjezerepo. Ziwiri zimaposa chimodzi."

"Nkhuni mwazipeza bwanji?"

"Njinga ija inali itakalamba kale."

Sindinakalipe. Munthu wa imvi sumukalipira pamaso pa ana a anzake. Ndipo panalibe chopulumutsa, moto unali utafika kale pamwamba. Ndinavula jekete n'kuwathandiza kutseka makomo ndi matope. Moto ukayatsidwa uyenera kumalizidwa bwino, ngakhale uli wolakwika.

Uvuni utazizira, a Gama anakwera okha kukaphwasula matope. Anatenga njerwa ziwiri zapamwamba. Mtundu wake unali wotuwa, wosafiira. Anaziwombanitsa. Zinafumbutuka m'manja mwawo ngati chigumu chouma. Anatsika, anasolola zapakati. Chimodzimodzi. Anagwada, anasolola zapansi, pafupi ndi khomo pamene moto umakhala wabwino koposa. Chimodzimodzi. Anakhala pansi paphulusa, miyendo atatambasula ngati mwana. Palibe anaseka, ngakhale Lukasi.

Aneba anali ataimbira kale mayi Nkhoma za utsi. Anafika tsiku lotsatira, Tadala ali nawo. Mayiwo anali wamtali, wovala magalasi, wa mawu apansi. Anazungulira mulu uja kamodzi. Tadala anatola chidutswa, anachifinya, chinasanduka fumbi.

"Ndinakuuzani, bambo Mbewe."

"Munatiuza."

"Mabwana anga akamva, makinawa akupita."

"Simenti ameneyu anali penshoni yanga," anatero mayi Nkhoma. "Wachita izi ndani?"

"Gulu langa," ndinatero.

"Sindinafunse gulu. Ndafunsa munthu."

A Gama anadzuka, anavula chipewa. "Ndine, mayi."

"Ndiye muchoke papuloti panga."

"Mayi," ndinatero, "puloti ndi yanu. Koma akachoka a Gama, tachoka tonse. Mukatisiya, njerwa zanu muzipeza, simenti ndigula ine, ndipo denga likhala lilipo mvula yeniyeni isanagwe."

"Mugula ndi chiyani?"

"Zimenezo ndi zanga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anatembenukira kwa a Gama. "Munachitiranji, bambo? Anakuuzani kuti moto umaononga."

Lukasi ndiye anafotokoza zonse, za galimoto, za kampango, za mawu a zidina, mpaka za njinga. Mayiwo anamvetsera osamudula.

"Alamu angawo," anatero, "sanaikepo ngakhale msomali pa nyumba ino. Ndagwira ntchito m'chipatala moyo wanga wonse. Umauza abale kuti wodwalayu asadye kanthu, mawa apita ku opaleshoni. Ukangotembenuka, mayi ake akumumwetsa phala mobisa. Si chidani ayi. Koma wodwala amavutika chimodzimodzi." Anapukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. "Denga mvula isanagwe, bambo Mbewe. Ikandipeza ndilibe denga, sindidzamvanso za gulu."

Tadala anati kuofesi akanena zoona zonse, sabisa kanthu, koma akapempha kuti makina adikire mpaka mvula. Anachitadi choncho. Ndinamva pambuyo pake kuti anamukalipira kwambiri chifukwa cha ife. Iye sanatiuzepo.

Ndinali ndi ng'ombe ziwiri za ngolo ku Mitundu, zimene ndinkati ndidzapumira nazo. Zinapita kumsika. Agogo anu aakazi sanandiyankhule mlungu wathunthu, koma thobwa ankatumizabe kuntchito.

Chovuta sichinali ng'ombe. Ndinasonkhanitsa anthu anga pashedi n'kuwauza kuti mpaka zipupa zifike pamazenera palibe malipiro, chifukwa ntchito imeneyo tinalandira kale ndipo tinaiotcha. Chakudya cha masana chokha ndiye chilipo. Amuna anayi anaimirira. Mmodzi anali mwana wa mnzanga amene ndinamuika m'manda ndi manja anga.

"Agogo," anatero, "ana athu sadya njerwa."

Anali kunena zoona. Sindinawatukwane, ndipo sindinawagwire mwendo. Anatenga mafosholo awo n'kupita. Mphatso, ndamva kuti wasiya ntchito ku City Centre chifukwa bwana anakuyankhula mokweza pamaso pa anzako. Amuna aja anachoka chifukwa ana awo analibe ufa. Iwe wachoka chifukwa cha makutu. Ndangonena.

Tinatsala asanu ndi atatu pa ntchito ya khumi ndi awiri, m'dzuwa la kumapeto kwa Okutobala, limene limapsereza ngakhale buluzi. Tinkayamba kusanache bwino, tinkapuma dzuwa likafika paliwombo, tinkayambanso likapendeka. Ine ndi msana wangawu ndinkakoka mkono wa makina pamodzi ndi anyamata. Tadala ankabwera Loweruka, tsiku lake lopuma, n'kumasefa nafe dothi. Manja ake anachita matuza, Lukasi anamuuza za girizi wa njinga, iye anati bola matuza.

Zidutswa za uvuni sitinataye. Tadala anati zikhala zodzazira pansi pa nyumba tisanathire konkire. A Gama sanalole wina kugwira wilibala imeneyo. Anatuta okha mulu wonse, uvuni wawo womaliza, n'kuuthira m'maziko, n'kuusinja ndi chipika. Atamaliza, anapita pampopi n'kutenga kheni.

Kuyambira tsiku limenelo kuthirira kunali kwawo. Palibe anawatuma. Ankafika woyamba, wapansi kuchokera ku Mtandire, n'kukweza mapepala mzere ndi mzere. Ankaika chikhatho pa njerwa monga ankachitira pamatope a uvuni, n'kudziwa kuti mzere uwu wamwa, uwu uli ndi ludzu. Madzi akasiya pampopi, ankatsika kumtsinje ndi zigubu pa wilibala. Tadala anati sanaonepo njerwa zolimba mofanana choncho. A Gama sanamwetulire.

Chizimalupsa chinagwa zipupa zili m'chiuno. Madontho oyamba atamveka pamalata a shedi, Lukasi anataya mpeni n'kuthamangira ku njerwa zimene zinali zitalimba kale, akukoka pepala kuti aphimbe. Chizolowezi.

"Zisiye, iwe," anatero a Gama. "Zimwe."

"Ee, a Gama, mwatembenuka mtima? Tikubatizeni pomwepa?"

"Manga chipupa, mphwanga. Chapendama ngati pakamwa pakopo."

Sichinali chopendama. Koma tinaseka tonse, koyamba chichitikire zija.

Malata tinakhoma mitambo itayamba kale kusonkhana madzulo alionse. Msomali womaliza utalowa, mayi Nkhoma analowa m'chipinda chilichonse akugwira zipupa. Sanayamike ndi mawu ambiri, si munthu wotero. Anangoti mkati mukuzizira bwino, n'kutumiza mwana wa aneba kukagula mabanzi ndi zakumwa. Mvula yeniyeni inagwa mlungu womwewo. Makina anakhala athu.

Tsiku limene tinkachotsa shedi, a Gama anatsuka kheni, anaipukuta, anandipatsa.

"Ndikupita kwathu, a Mbewe."

"Kukatani? Tadala watipezera ntchito ina ku Area 9. Zipinda zinayi ndi mpanda."

"Mugwire bwino."

"Wothirira ndani?"

"Kuthira n'kuthira. Mwana aliyense angathe."

"Si zoona, ndipo mukudziwa."

"Ndikudziwa kuti ine ndine wa moto. Ndinatsala kuti ndibweze zimene ndinaononga. Ndabweza." Anayang'ana nyumba ija. "Ndi nyumba yabwino. Mtsikana uja ananena zoona. N'chifukwa chake ndikupita."

Ndinawauza kuti ndinagulitsa ng'ombe kuti iwo asachoke. Anandiyankha kuti ndinagulitsa ng'ombe kuti asachotsedwe, ndipo kuchoka ndi kuchotsedwa n'zosiyana. Ndinawanyamulira chikwama mpaka kudepoti ya ku Old Town. Tinadya chimanga chootcha titaima, mpaka minibasi ya ku Nathenje inadzaza.

Ndinkapita kukawaona. Ankalima fodya pang'ono, ndipo anadzala mitengo m'malire mwa munda wawo, ngakhale sankafuna kuti ndiitchule. Anthu a m'mudzi ankabwera kudzawapempha kuti awaotchere uvuni. Ankakana. Chifuwa chinawagwira, utsi wa zaka zonse zija, ndipo patapita zaka ziwiri tinawaika. Gulu lonse linapita, ndi Tadala yemwe. Manda awo tinamanga ndi njerwa za makina. Lukasi anati akanakhala moyo akanatiponyera chikombole.

Lero gulu lilipo. Makina ndi awiri, m'gululi mulinso amayi atatu amene amakoka mkono kuposa amuna, ndipo mtsogoleri ndi Lukasi, pakamwa pake pomwepo. Ine ndimangopita kukakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo. Anthu akatiyamikira amati tinapirira, tinasintha ndi nthawi. Amaona zimene zinatsala. Ine ndinali mtsogoleri, ndiye ndimasunga chiwerengero cha zimene zinapita.

Njerwa za nyumba yathunthu. Lole imodzi ya bulugamu. Njinga imodzi. Ng'ombe ziwiri ndi ngolo yake, chifukwa ngolo yopanda ng'ombe inangowola. Amuna anayi, amene awiri mwa iwo ndimawaonabe pamlatho ndi mafosholo. Ndi a Gama. Amenewo sindiwaphatikiza ndi anayi aja. Ndimawawerenga paokha.